Aphunzitsi a Fulusitopu ndi Semikoloni

Kuseri kwa msika wa Chitipa kumakhala aphunzitsi ena opuma ntchito, amene amaona moyo wonse ngati chiganizo cha Chingerezi. Amati fulusitopu ndi kuzimitsa njinga yamoto, nkhani yatha basi. Semikoloni ndi kungoponda buleki pang'ono, ulendo ukadalipo. Koma koloni ndiye amaikonda, chifukwa imati tchera khutu, zenizeni zikubwera.

Atatopa kukhala okha, tsiku lina anavala jekete n'kukafunsira Mayi Dailesi, ogulitsa khofi wa ku Misuku.

"Yayi, adada," anatero mayiwo, maso ali pa sikelo.

Aphunzitsi anafunsa chapansipansi. "Yayi ameneyu, amama, ali ndi fulusitopu kapena semikoloni?"

Mayi Dailesi anaseka chikhakhali.

"Koloni, adada: ine si nyemba zogula pamsika, tumani thenga kwathu."