Ndinkawatsuka M'mimba Lachisanu Lililonse

Ine kukhala pansi sindikudziwa. Munthu akadwala pakhomo panga manja amandiyabwa, ndimangofuna ndichitepo kanthu basi. Ndiye amuna anga atayamba kutsegula m'mimba mwa magazi, ndinazungulira Mandimba yense ngati ndataya mbuzi.

Iwo ankapalasa njinga yonyamula anthu, kuchoka pamsika kukafika kumalire a Malawi. Matenda atakula, ulendo umodzi ankatsika katatu kuthamangira patchire, wokwera ali chilili pamsewu. Kenaka njinga ija tinaikoleka pakhonde. Munthu anatha ndikuona, lamba mpaka kuboola mabowo ena awiri. Ndinkaopa kuti andifera.

Mayi anga, kuyambira tili kothawa nkhondo ku Malawi, ankati m'mimba mukavuta ndiye kuti mwada, mufunika kutsuka. Tonse tinakula choncho. Ndiye Lachisanu lililonse ndinkawiritsa mizu yowawa ija yotsegula m'mimba, kapu yodzaza, n'kuwaimirira pamutu.

"Imwani bambo, zoipazo zituluke."

Ankamwa mpaka kapu ithe. Loweruka magazi ankachuluka, ine n'kumati eyaa, zikutuluka. Kupusa kwangaku, inu!

Mapiritsi a kuchipatala cha kwathu atalephera, anatitumiza ku Cuamba. Mu chapa, minibasi ya kwathu kuno, ndinakangana ndi woyendetsa njira yonse, chifukwa ankaima paliponse pamene waona thumba la chimanga. Atawayeza amuna anga, adotolo, mayi wachitsikana wolankhula mosakaniza Chinyanja ndi Chimakua, anati si kamwazi wamba ayi. Matumbo atupa, ali ndi zilonda, ndipo ndi matenda okhalitsa.

Ndinawadula pakamwa. "Nanga sakupola bwanji? Bala la pamwendo limauma sabata imodzi!"

Anandifunsa ngati ndinamatapo nyumba. Ndinati funso lanji limenelo, yathu ndinamata ndekha.

"Ndiye mumva msanga," anatero adotolowo. "M'kati mwa matumbo muli khoma lopyapyala la timaselo togundana. Kaselo kalikonse kali ndi nsichi zake ndi luzi lake, zopangidwa ndi mapuloteni, zokaimika chilili ndi kukamangirira ku kanzake. Kutupa kukabwera zomangira zija zimamasuka, khoma limang'aluka, zonyansa zimalowa m'mnofu, kutupa n'kukulirakulira. Pochira, timaselo ta m'mbali mwa chilonda timadzikoka ndi nsichi zomwezo, pang'onopang'ono, mpaka titseke. Chofunika n'kuti pasapezeke chokokolola dothi lisanaume. Kunyumba akumwa china chake?"

Ndisanatsegule pakamwa, amuna anga anayankha. "Ayi, palibe."

Zaka zonsezi sindinawamvepo akunama, lero akunamira ine.

"Chilipo," ndinatero. "Mizu yotsuka m'mimba. Ndimawapatsa ndine, Lachisanu lililonse."

Adotolo sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangoti matendawa sindinawayambitse ine, koma zimene thupi linkamata sabata yonse, ine ndinkazikokolola tsiku limodzi. Anatipatsa mankhwala oletsa kutupa, n'kunena kuti mizu ithere pomwepo.

Pobwerera sindinakangane ndi munthu. Chapa itaima pena pake kuti akweze matumba a makala, ndinawakoka malaya amuna anga.

"Inu bambo, munkadziwa kuti ikukupwetekani?"

"Kuyambira kapu yachiwiri."

"Aa! Nanga munkamweranji? Pakamwa mulibe?"

Anayang'ana kunja kaye. "Ndikamwa, mayi, inu munkakhala pansi. Tsiku limenelo lokha ndi limene munkadya."

Ndinalira mu chapa modzaza anthu, mopanda manyazi.

Magazi anasiya patapita miyezi, njinga inatsika pakhonde, ngakhale matendawo amabwererabe nthawi zina. Akabwerera, manja anga amayamba kuyabwa monga kale, miyendo imafuna kuthamangira kwa wogulitsa mizu. Ndimawapatsa mapiritsi awo, n'kutenga mbale yanga, kukhala pansi pamaso pawo, ndi kudya mpaka ithe, ngakhale chakudyacho chikukana kutsika.