January ndi Anyenje Ake

Mukafunsa anthu akale a ku Chitawira za January, amayamba aseka kaye, kenako n'kunena kuti, "Uja wa Anyenje uja?" Ndi ochepa amene amakumbuka kuti munthuyu anali wa ku Nsanje, kuti anabwera m'tauni pa sitima ali ndi malaya awiri okha, kapena kuti anatha zaka makumi awiri akusoka matumba pa fakitale ina ku Makata osajombapo. Chimene chinatsala m'mitu mwawo ndi Anyenje basi. Asekedi, nkhani zake zambiri n'zoseketsa. Koma pali ina ya kaseti ya bambo ake, imene sankaikamba pagulu, ndipo imeneyo siseketsa.

Anyenje sanali anthu enieni. Inali bandi ya m'sewero la pa wailesi limene linkamveka Lamlungu lililonse masana, m'zaka zija wailesi inali imodzi dziko lonse. Munali Gervazio wagitala, wamkamwa ndiponso wandewu, Mwanakombo wang'oma amene ankachita chibwibwi polankhula, ndi Ella woyimba, wa mawu oti munthu n'kusiya kutafuna. Sabata iliyonse ankagwa m'mavuto, ankakangana, kenako n'kutsiriza ndi nyimbo yatsopano.

January sanali wopepera, ankadziwa bwinobwino kuti ndi sewero. Koma mtima sumva zimenezo. Tsiku limene Gervazio anathyoledwa gitala ku malo omwera mowa, January sanadye. Mwanakombo ataferedwa mayi ake, January analemba kalata yachipepeso, kumata sitampa, n'kuyenda wapansi kukaiponya ku Limbe. Mwana wamkazi atabadwa m'nyumbamo, dzina silinavute: Ella. Mkazi wake Salome anangogwira pakamwa. Ankauza amayi anzake pampopi kuti, "Ine ndili pamitala, anzanga. Mkazi mnzanga amakhala m'wailesi, ndipo sasesa, saphika, koma ndiye wokondedwa."

Zinafika poipa atagula wailesi yakaseti. Tsopano nyimbo iliyonse ya Anyenje ankaijambula, chala chili pabatani ngati mlenje. Makaseti anakwana makumi anayi, atandandalikidwa m'katoni ya sopo, iliyonse yolembedwa tsiku lake. M'kanyumba kawo munalibe magetsi, choncho mabatire anali ngati mchere wa m'chaka cha njala. Ankawayanika padenga kuti atenge mphamvu, ndipo kaseti ankaibweza ndi bolopeni, kuizunguza m'mwamba, kuopa kutha moto. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka wailesi sinkakhudzidwa wamba.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, kunabwera msuweni wake Wilfred, mphunzitsi wa kumudzi, amene nayenso anali ndi wailesi yojambula. Anafika Lachisanu pa sitima, n'kutulutsa kaseti yokulunga m'mpango.

"Asuweni, iyi yachokera kwa bambo anu," anatero Wilfred. "Kulemba sadziwa, ndiye anati ndiwaikire makinawa. Anatitulutsa tonse m'nyumba, n'kulankhula okha mbali zonse ziwiri. Akuti mumvere nokha. Ine ndathyola timapulasitiki tapamwambapa kuti wina asajambulepo mwangozi."

"Akudwala kodi?" anafunsa January.

"Kukalamba basi. Kudimba akupitabe."

Madzulo a tsikulo January anaiikadi. Mawu a bambo ake anamveka, okokakoka, a Chisena cha kwawo. Anayamba ndi moni. Moni kwa January, kwa Salome, kwa mdzukulu, kenako za mbuzi imene inabereka mapasa, kenako za madzi a chaka chatha mmene anafikira pamtengo wa mango. Madalawo anali otero, nkhani ankaiyambira kutali. January anayang'ana kagetsi kofiira ka pawailesi, n'kuona kuti kakuzirala. Lamlungu linali mkuja. Anazimitsa, nati adzamvera bwino Lolemba akagula mabatire atsopano. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Lamlungu litafika, January anakhala pamalo pake, kaseti yake yanthawi zonse ili m'kati, itatsala malo a nyimbo imodzi. Ndiye woulutsa mawu ananena kuti sewero la lero ndi lomaliza, ndipo Anyenje atsanzikana ndi omvera poyimba ola lathunthu. Chifukwa chake sananene. Masiku amenewo chinthu chikatha chatha, munthu sunkafunsa mokweza.

January anadzambatuka. Ola lathunthu, ndipo kaseti yopanda kanthu analibe. Sitolo za ku Limbe zinali zotseka, komanso ndani akanafika ku Limbe Mwanakombo atayamba kale kugunda ng'oma? Maso ake anagwera pampango uja.

Salome anaona. "Bambo a Ella, imeneyo ayi. Simunaimalize n'komwe."

"A baba alipo. Pa Khirisimasi tikupita, akandiuza pamaso."

"Fufutani imodzi mwa zanuzo. Zadzaza katoni."

Apa ndi pamene nkhani ya January imawawira. Anagwadadi pakatoni paja. Anatola ina, muli nyimbo ya ukwati wa Ella. Anatola ina, muli ija Gervazio anayimba ali m'chipatala. Iliyonse inali ndi chifukwa chokhalira. Pa makaseti makumi anayi sanapeze ndi imodzi yomwe yoti n'kuipereka. Anang'amba kapepala pa kalendala, kukatafuna pang'ono, n'kutseka timabowo tija Wilfred anasiya dala totsegula. Sinali ngozi ayi. Munthu amene watafuna pepala n'kulikanikiza ndi chikhadabo m'mabowo awiri sanganene kuti dzanja linaterereka.

Anajambula mbali yoyamba, anatembenuza, anajambula yachiwiri. Ella atayimba yomaliza, January anali akulira poyera, ndipo Salome anatuluka kukakhala panja.

Khirisimasi sanaifike madala aja. Patangotha masabata atatu, uthenga unamveka pa wailesi yomweyo, pa nthawi ya mauthenga achisoni, ukuitana January wa ku Makata kuti apite ku Nsanje msanga.

Ataika maliro, abale anakhala pansi pa mtengo wa mango. Mng'ono wa malemuwo, bambo aang'ono a January, ndi amene anatsegula nkhani. Anati madalawo atafooka anafunsidwa ngati ali ndi mawu osiya, koma anangoti, "Zonse ndinamuuza January, ndiye wamkulu." Kenako anatembenukira kwa iye. "Tsono mwanawe, tiuze. Mkulu wanga anasiya mawu otani?"

Azichemwali ake anali pomwepo, maso ali pa iye. Wilfred anali pomwepo. Salome anaweramitsa mutu. January anayankha kuti, "Anati tizikondana, tisamakangane." Anthu anagwedeza mitu, ena anapukuta misozi. Anadikira kuti apitirize, pajatu madala analankhula ola lathunthu, koma iye anangoti zinazo zinali za iye yekha. Bodza limenelo analisenza moyo wake wonse, ndipo Salome sanamuulule, ngakhale pa tsiku loti akangana zenizeni.

Atabwerera ku Chitawira anagula mabatire atsopano, anayi, a m'pepala mwake. Linali Loweruka masana. Anaika kaseti ija, osati kuti amve Anyenje, koma poyembekeza kuti mwina pansi pa magitalawo pamveka kanthu. Mbali yoyamba panalibe. Mbali yachiwiri anaimvera yonse, mpaka Gervazio anatsanzika, Ella anamaliza, woulutsa mawu anathokoza omvera. Panamveka kuti khe, pamene chala chake chinazimitsa tsiku lija. Tepi inali itatsala pang'ono. Kunamveka mbuzi ikulira chapatali, kenako chifuwa chimene ankachidziwa kuyambira ali mwana.

"Ndi pyenepi, mwananga. Wabva? Leka kuduwala."

Ndi zimenezo, mwana wanga, wamva, usaiwale. Tepi inathera pomwepo.

January anakhala zaka zina zambiri. Anapuma ntchito ku Makata, anakwatitsa Ella, anaona zidzukulu. Katoni ija sanaitaye, koma sanaitsegulenso. Vuto linali loti nyimbozo zinali kale m'mutu. Ankati akukonza njinga kapena kumeta ndevu, n'kungozindikira kuti akuyimba ya Anyenje, mawu onse bwinobwino osaphonya ndi limodzi lomwe, ndipo ankasiya pakati ngati wadziluma lilime. Achinyamata a m'deralo akamupempha kuti awayimbireko, ankaseka nawo n'kukana. Iwo ankayesa manyazi a ukalamba.

Kaseti imodzi yokha ija ndi imene inkakhala m'thumba la jekete yake ya kutchalitchi. Nthawi zina ankaitulutsa, kuizunguza ndi bolopeni mpaka chakumapeto, n'kumvera mbuzi ija, chifuwa chija ndi mawu aja. Ankayesa kulota: kodi anali malire a dimba, kapena dzina la munthu woti akamupepese, kapena china chimene bambo sanganene pamaso pa mwana wake? Anafunsa Wilfred kangapo konse ngati sanamveko kanthu ali panja, ndipo Wilfred ankati anali atapita kukatunga madzi. January anamwalira osadziwa chimene anauzidwa kuti asaiwale.