Anakuseka M'tchalitchi, Tereza

Tereza mng'ono wanga, lero ndakwera minibasi imodzi ndi abusa a mpingo wathu aja pochokera ku Zalewa. Mpaka pano akulalikirabe ndi nkhani za mpira, anthu n'kumaseka, ine mtima ukuwira.

Ndakumbuka Lamulungu lija ku Lisungwi, utangotuluka m'chipatala. Unandipempha kuti tikathokoze Mulungu limodzi. Abusawo anayamba ndi za zigoli ndi oyimbira mpira mpaka aliyense anamasuka. Kenako anakuyang'ana n'kunena kuti, "Ena muno Mulungu anakupatsani kale khadi yofiira, mukungochedwa kutuluka m'bwalo. Taonani mmene mwaondera!" Anthu anaseka, poti anali atayamba kale kuseka. Unandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Achemwali, tiyeni tizipita." Sunapondenso m'tchalitchi mpaka tinakuika m'manda.

Abusawo sindinawakhululukire, Tereza, ndipo sindikufuna kutero. Lamulungu likubwerali ndikakhala kutsogolo nditavala chitenje chako. Akakangoti amene ali ndi umboni aimirire, ndikaimirira, ndikatchula dzina lako, ndikabwereza mawu awo onse pamaso pa mpingo. Andichotse mumpingo ngati akufuna, koma ayambe amva.