Mtundu wa a Yesaya Onola Mipeni

Tauni yathu ndi yaing'ono. Ili m'mbali mwa msewu wochokera ku Bvumbwe, ndipo tiyi waizungulira mbali zonse. Ine dzina langa ndine Philip. Ndinagwira ukalaliki pa esiteti zaka makumi atatu, ndipo m'zaka zimenezo ndinadzipatsa ntchito ina imene palibe anandilembera, yodziwa mtundu wa munthu aliyense.

Ambirife ndife Alomwe, amene makolo athu anachokera ku Mozambique kudzathyola tiyi. Kumtunda kwa msika kuli Ayao, eni maminibasi ndi magolosale, ndi mzikiti wawo. Kuli Amang'anja, amene saiwala kutikumbutsa kuti tonsefe tinawapeza, komanso Asena ochepa obwera ndi nsomba zouma kuchokera kuchigwa. Azungu a pa esiteti timangowaona m'galimoto. Ndinkanyada kuti munthu akangotsegula pakamwa, ine ndamudziwa kale kwawo. Chilomwe changa chomwe n'chopunduka, popeza kusukulu ya mishoni tinkachita nacho manyazi, koma zimenezo sizinandiletse kuweruza malilime a anzanga.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anandikanika, a Yesaya. Anabwera kuno ali mnyamata, nayamba kuthyola tiyi, kenaka anawaika m'gulu la odulira. Msana utayamba kuvuta anasiya ntchito n'kukhazikika pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa msika. Anali ndi njinga yopanda matayala imene anaimangirira mwala wozungulira. Ankakhala pachishalo n'kumapalasa, mwalawo n'kumanola chilichonse chimene munthu wabwera nacho: mipeni yodulira tiyi, zikwanje, makasu, masizasi a atelala. Anapalasa njinga imeneyo zaka zoposa makumi awiri osasuntha ngakhale phazi limodzi.

Anali oyererako khungu, tsitsi lawo lofewa, moti ena ankanong'ona kuti muli magazi a mzungu. Ndi odulira tiyi ankalankhula Chilomwe, ndi madalaivala Chiyao, ndi amayi a nsomba Chisena, ndipo palibe anawagwirapo kuti lilime ndi lobwereka. Mkazi anali naye kale, koma anamwalira asanabereke n'kukaikidwa kwawo ku Thekerani. Mukawafunsa kwawo ankangoloza mtengo wa mapeyala uja.

Pakalembera wa anthu wa 2018 ananditenga kukhala mmodzi wa olemba. Anatipatsa kamakina konga foni yaikulu, ndipo ndinkayenda nako ngati ndanyamula boma lonse m'manja. Ndinawapeza a Yesaya akupalasa.

“Mtundu wanu, a Yesaya?”

“Ilimo ingati m'kamakina kanuko?”

Ndinawawerengera yonse.

“Onsewo ndinawanolerapo mipeni,” anatero. “Onani amene achepa, mundiike kumeneko ndikawathandize.”

“Boma silifuna nthabwala, achimwene.”

“Ndiye boma lisamafunse munthu ali paulendo. Simukuona ndikupalasa?”

Dzuwa linali litakwera, nyumba zolemba zinali zambiri. Ndinadina Mlomwe n'kupitirira. Kunena zoona, ndinkafunanso kuti ife tichuluke ndi mmodzi. Pambuyo pake ndinkauza anthu kuti nkhani ya a Yesaya ndinaithetsa, koma ndi chinsinsi cha boma.

Anamwalira mu Disembala chaka chathachi. Amene anawapeza ndi a Teleza, mayi wamasiye wogulitsa nyemba za kalongonda, amene ankawapatsira phala m'mawa uliwonse. Pamene ankanditumizira uthenga kuti ndibwere msanga, dzuwa linali litatentha kale, mtembo uli m'kanyumba kawo ka malata, ndipo manda asanayambe kukumbidwa, chifukwa anthu sanagwirizane kuti akumbe kuti.

Pabwalo panali magulu awiri. Lina linkatsogozedwa ndi a Crispin, kapitawo wa odulira tiyi ndiponso mkulu wa mpingo wathu. Linalo ndi a Stambuli, ogulitsa nyama ya mbuzi pamsika.

“Munthuyu ndi wathu,” ankatero a Stambuli. “Zaka zonsezi sanakhudzepo nkhumba. Ine ndikapereka salamu ankayankha bwino kuposa ana anga. Timusambitse, timukulunge nsanda, lisanalowe dzuwa akhale atagona kumanda athu.”

“Nkhumba sankadya chifukwa inkawatupitsa, Che Stambuli,” anatero a Crispin. “Nanga tchopa wathu wa Chilomwe uja ankavina mpaka fumbi koboo, anaphunzira kumzikiti? Ndipo Msilamu dzina lake n'kukhala Yesaya?”

“Dzina la pa esiteti limenelo! Inuyo Crispin munabadwa nalo, kapena anakupatsani abambo a kumishoni?”

Mayi wina wa nsomba anayesa kunena kuti malemuwo ankaimba nyimbo za kuchigwa akamanola, koma palibe anamumvera.

Atandiona, onse anakhala chete. Ndivomere kuti chete ameneyo anandikomera.

“Abwera akalaliki,” anatero a Crispin. “Awa ndi amene analemba za boma. A Philip, ululani chinsinsi chija, munthu akuwonongeka m'nyumbamu.”

“Zimene anene awa, ife tivomera,” anatero a Stambuli. “Ndi munthu wophunzira, sanama.”

Ndikanangoti Mlomwe, bokosi likanabwera, nyimbo zikanayamba, ndipo palibe akanadziwa. Koma ndinaona njinga ija itatsamira khoma, ndipo ndinaganiza za munthu kugona mpaka kalekale pakati pa anthu amene ine ndinamusankhira chifukwa dzuwa linkandiwotcha.

“Ndinalemba kuti Mlomwe,” ndinatero.

A Crispin anawomba m'manja kamodzi.

“Koma iwo sananene choncho. Anakana kundiuza. Ndinangodina ndekha.”

“Ndiye chinsinsi cha boma chija n'chimenechi?” anafunsa a Stambuli.

“N'chimenechi.”

Sindinayambe ndamvapo anthu akuseka pamaliro mtembo usanatuluke, koma tsiku limenelo anaseka, ndipo ankaseka ine. Kuseka kutatha, vuto linali pomwepo. Wina aliyense analibe umboni, ndipo nthawi inkapita.

A Teleza ndi amene anadzuka pakhonde, akumanga chitenje.

“Abambo inu, kuyambira m'mawa aliyense akuti m'bale wanga, m'bale wanga. Kodi kwanuko m'bale amakumba manda a m'bale wake? Kwathu amakumba ndi adzukulu, anthu apadera. Ngati palibe amene angaonetse ubale, ndiye kuti nonsenu ndinu apadera. Tengani makasu. Anakunolerani okha, ndi akuthwa.”

“Tikakumbe kuti, mayi?” anafunsa a Crispin.

“Kumabulugamu. Si kumene esiteti imaika antchito opanda kwawo? Anathyola tiyi wawo mpaka msana kupindika, malo a munthu mmodzi sangawamane.”

A Crispin anapita kukapempha kuofesi, ndipo anabwera ndi chilolezo. A Stambuli anapempha kuti dzenje liyang'ane kumene iwo amayang'ana popemphera, a Crispin anati zimenezo sizilakwira Baibulo bola bokosi likhalepo, ndipo anamvana kuti mtembo aukulunge nsanda kenaka auike m'bokosi. Ine ndinavula jekete mwakachetechete n'kutola khasu, poganiza kuti andiiwala.

“Inu ayi,” anatero a Teleza. “Maliro opanda anamfedwa munawaona kuti? Anthu akapepese kwa ndani? Inu ndi amene munawalemba kuti ndi anu, ndipo boma likudziwa choncho. Khalani pamphasa apo.”

Ndinakhala. Tsiku lonse anthu ankabwera kudzandigwira dzanja: odulira tiyi, madalaivala, amayi a nsomba, ngakhale agogo ena Achimang'anja amene sanandipatsepo moni chiyambire. Aliyense ankati, “Pepani, mwataya m'bale,” ena akudziletsa kumwetulira. Adzukulu, monga mwa mwambo wawo, sanandisiye. Anabwera kuchokera kumanda ali matope okhaokha, a Stambuli patsogolo.

“Anamfedwa awa ndi ouma mtima,” anatero. “Misozi sitikuiona. Kapena nayonso ndi chinsinsi cha boma?”

Misozi inabwera pambuyo pake, kumanda, atandiuza kuti ndinene mbiri ya malemu. Ndinaimirira ndi pepala, monga ndimachitira pamaliro a mpingo, n'kupeza kuti sindikudziwa chaka chobadwa, mudzi, ngakhale dzina la mayi awo. Ndinangonena kuti anathyola tiyi, anadulira tiyi, ananola mipeni, ndipo mpeni wonoledwa ndi iwo unkatha mwezi usanabunthe. Anthu anavomera ndi mitu. Tinawaika dzuwa lisanalowe, mvula ikuyamba kuwaza.

Patapita masiku atatu a Teleza anafika kunyumba kwanga m'mawa, a Crispin ndi a Stambuli ali pambuyo ngati mboni. M'manja anali ndi sizasi imene anaipeza m'kabokosi ka malemu.

“Tabwera kudzameta maliro,” anatero. “Achibale onse asonkhane.”

Achibale onse ndinali ine. Ndili ndi dazi, ndipo tsitsi limene linanditsalira ndi la m'mbali mwa makutu, limene ndinalisamala zaka zambiri ndi mafuta ndi chipeso. Mkazi wanga anatulutsa mpando yekha, ndi changu chimene sindinachikonde. Ndinakhala pansi, ndipo sizasi ya a Yesaya inamaliza ntchito yonse ndisanathe n'komwe kudandaula.