Mphasa Imene Inkayanikidwa M'dzina Langa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, patangopita zaka zochepa chiyambireni matipati, pamene ndinaulula chinsinsi cha amayi anga pamaso pa anthu. Lero ndine mayi wa ana atatu, koma ndikakumbukira tsikulo ndimafunabe pobisa nkhope.

Tinkakhala m'nyumba za esiteti ya tiyi cha ku Makwasa, zimene tinkazitcha kulayini chifukwa zinali zondondozana, khomo ndi khomo. Mnzako akayetsemula unkamva. Amayi ankatchola tiyi. Bambo anali atapita ku Limbe kukafuna ntchito, ndipo anaipezadi, pamodzi ndi mkazi wina. Anachoka patangopita miyezi yochepa amayi atavutika pa uchembere. Amayiwo anabuula masiku awiri m'nyumba, mwana n'kubadwa atamwalira kale. Tinatsala awiri, chipinda chimodzi, mphasa imodzi.

Kuchokera pa uchembere umenewo, mkodzo wa amayi unkangotuluka wokha, akanyamula dengu, akatsokomola, ngakhale ali m'tulo. Sanandiuzepo, ndinkangoona. Kumunda kunali kosavuta kubisa. Otchola tiyi amamanga pulasitiki m'chiuno podziteteza ku mame ndi nthambi, ndipo pofika nthawi yokayezetsa masamba pa sikelo aliyense amakhala atanyowa. Amayi ankaima kumapeto kwa mzere, potalikirana ndi anzawo. Anthu ankati ndi mayi wonyada.

Chovuta chinali mphasa. Inkayenera kuyanikidwa m'mawa uliwonse, ndipo kulayini kulibe kuseri. Tsiku lina amake Fane, a nyumba yoyandikana nafe, mayi wamtali wa mawu omveka mpaka kufakitale, anaima n'kuiyang'ana.

"Kodi Enelesi akukodzabe pogona, msinkhu wonsewu?"

Amayi anayang'ana pansi. "Ana amasiyana, amake Fane."

Sananame, komanso sanakane. Madzulo ake anandigulira mandasi awiri, ndipo ndinadya ndikudziwa bwino chifukwa chake.

Zaka ziwiri ndinasenza mbiri imeneyo. Kusukulu anzanga ankatsina mphuno ndikamadutsa, pa netibolo ankandisankha pomaliza. Ndinkapirira, poti ndinkaona mmene amayi ankachapira nsanza zawo mwakachetechete n'kuziyanika m'nyumba, pansi pa chitenje. Koma sindinali mngelo. Mumtima ndinkasunga mkwiyo, ndipo unkakula limodzi ndi ine.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, amake Fane anabwera ndi azimayi ena awiri. Sanabwere ndi nkhanza, anabwera kudzathandiza. Kwathu mankhwala a mwana wokodza pogona anali odziwika: amamumangirira chule wamoyo m'chiuno, n'kumusenzetsa mphasa yake, anzake akumuombera m'manja, kuti manyazi ndi mantha zimuleketse.

"Mwanayu watsala pang'ono kutha msinkhu," anatero amake Fane. "Tikamulekerera, adzakwatiwa bwanji? Tiloleni timukonze."

Amayi anali pakhonde, akusenda nandolo m'lichero. Sanayankhe, ndipo azimayiwo anatenga kukhala chete kwawo ngati kuvomera.

Chuleyo anali wozizira, woterera, ndipo ankaphiriphitha pamimba panga. Ana a layini yonse anasonkhana, ngakhale timakanda toyenda opanda kabudula tinkaseka nawo. Mphasa ili pamutu, ndinayang'ana amayi. Ndinkangodikira mawu amodzi, oti musiyeni. Manja awo anali ataima m'lichero, koma mawu sanatuluke.

Ndinaponya mphasa pansi.

"Si ine! Afunseni amayi! Ndi amayi amene amanyowetsa, nsanza zawo zili m'ndowa kuseri kwa chitseko!"

Amayi anaika lichero pansi bwinobwino, n'kuimirira. Atatembenuka kuti alowe m'nyumba, chitenje chawo cha kutchalitchi chinali chitanyowa kumbuyo, ndipo aliyense anaona. Anatseka chitseko pang'onopang'ono. Amake Fane anamasula chule uja ndi manja awo, n'kubalalitsa ana. Sanandimenye. Ndinkalakalaka akanandimenya.

Masiku atatu amayi sanapite kumunda, ndipo inali nyengo yoti ukajomba chotero kapitawo amalemba wina m'malo mwako. Sanandikalipire. Ankaphika, n'kundipatsa, n'kukagona atayang'ana kukhoma.

Lachitatu masana amake Fane analowa osaodira. Ndinali pakhomo, ndipo ndinamva zonse.

"Zaka zonsezi, amake Enelesi, chipatala chili pamphuno pomwepa?"

"Ndikanakanena kuti chiyani?" anayankha amayi. "Wa kukiliniki ya esiteti ndi mwamuna, mwana wa dzulodzuloli, amamwera limodzi ndi akapitawo. Mawa lake muzimva kuti mayi uja sali fiti kugwira ntchito, achotsedwe. Komanso apongozi anga ananena kale kuti mwana anakanirira chifukwa ndinkayenda ndi amuna ena. Ndipite ndikaonetse anthu chilango changa?"

"Munayenda nawo?"

"Ayi."

"Ndiye chilango cha chani? Mng'ono wanga ku Khonjeni zinamuchitikira zomwezi. Anakamusoka, pano akuimba kwaya, amakhala benchi ya kutsogolo."

"Ndimayesa ndili ndekha," anatero amayi, ndipo anayamba kulira, kulira kumene sindinakumvepo ngakhale tsiku limene bambo anachoka.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mayi. Koma poti inu chakukanikani, nditsekula ndine. Mawa tinyamuka. Za akapitawo mundisiyire, ndiwauza kuti ndi za azimayi, safunsanso."

Anayenda wapansi kupita kuchipatala cha mishoni ku Makwasa. Kumeneko anawaona namwino wachizimayi, ndipo anawalembera kalata yopita ku Blantyre. Ine ndinatsala kwa amake Fane, ndikugona pakati pa ana awo, ndipo palibe anatchulapo za Lamulungu lija. Patatha milungu ingapo amayi anabwera ataonda, akuyenda mosamala, koma atachira. Ntchito anaipeza ikuwadikira.

Anthu a kulayini anayamba kundinena zabwino. Ankati pakamwa pa mwana pachiritsa mayi ake. Ine mawu amenewo ankandilasa, chifukwa ndinkadziwa zoona zake. Sindinakuwe kuti amayi athandizidwe. Ndinakuwa kuti amve kuwawa ngati mmene ndinkamvera ine, ndipo anamvadi.

Ndinadzapepesa nditakula, nditangochira mwana wanga woyamba, amayi akundisambitsa ngati khanda. Anafinya kansalu, osandiyang'ana.

"Iwe unandichititsa manyazi tsiku limodzi," anatero. "Ine ndinakuchititsa zaka ziwiri. Tsono wopepesa mnzake ndani?"



Masiku ano ndikamva wina akunena kuti azimayi amachedwa kupita kuchipatala chifukwa cha umbuli, mtima umandiwira. Amayi anga njira ankaidziwa, ankadutsa pageti pa chipatalacho popita kumsika. Chinkawatsekereza ndi anthu onse amene akanayenera kumva nkhaniyo asanafike kwa dokotala, ndi zimene anthuwo akanaganiza. Amayi anga anali munthu wabwino, ankandikonda kuposa moyo wawo. Komabe manyazi amenewo anawalemera mpaka anakhala pakhonde n'kumaonerera mwana wawo yekhayo akumangiriridwa chule, mawu osatuluka. Ndinawakhululukira kalekale. Amene ndikulimbana naye mpaka lero ndi mtsikana uja amene ankadziwa zonsezi, n'kukuwabe.