Mvula imene inkagwa m'firiji

Ku Doha ndinapita ndikuopa dzuwa, koma chimene chinandipweteka ndi chisanu. Ndinkagwira ntchito kuseri kwa hotela ina ku The Pearl, kotsitsira katundu, komwe kunali zipinda ziwiri zozizira zolumikizana. Choyamba, cha masamba ndi mkaka, chinkakhala pa madigiri awiri. Chamkati, cha nyama ndi nsomba, chinkaumitsa ndi mamina omwe.

Mu Ogasiti, tikatsegula chitseko chachikulu, mpweya wotentha wachinyezi wochokera kunyanja unkalowa n'kusanduka nkhungu. Kenako m'katimo munkagwa mvula. Sindikunama. M'chipinda choyamba madontho ankawaza kuchokera kudenga ngati chiperoni. Chamkati munkathothoka tinthu toyera ngati ufa. Koma pakhomo lolumikiza ziwirizi pankagwa mvula yachinyengo: inkatsika ili madzi, ikangokhudza pansi n'kuundana. Ukayang'ana unkangoti pansi panyowa chabe.

Amene anandichenjeza ndi madala ena a ku Dedza omwe ndinkanyamula nawo katundu. Anali atakhalako zaka zambiri, imvi zili mbuu, ndipo bwana wathu ankangofuna chifukwa chowabwezera kumudzi. Kontirakiti yawo inali yoti isainidwenso pakatha milungu itatu. Munthu wa msinkhu wawo akangovulala, chotsatira ndi tikiti ya ndege, pomwe kumudzi ana awo atatu anali akadali pasukulu. N'chifukwa chake m'firijimo ankayenda ngati bilimankhwe, phazi limodzi, kuima, kenako linzake.

"Mphwanga, pa door apa osamathamanga," ankatero. "Ife kwathu chisanu timachiona pa udzu m'mawa. Ichi cha kuno sichioneka."

Ine ndinkaseka chamumtima. Ndinkati ukalamba ndi mantha basi.

Tsiku lina masana kapitawo anabwera ali wefuwefu, akutifulumizitsa. "Inspection four o'clock! Yalla, yalla, clean!" Nditayang'ana pakhomo lija ndinaona madontho a magazi a nyama ataumira pansi. Madala akanakhala iwo akanagwada n'kumapala ndi kachitsulo, ntchito ya ola lathunthu, ndipo kupala kwawoko kunkandinyansa. Ine mayi anga anandilera kuti pansi pauve pamakolopedwa ndi madzi. Ndinatunga madzi otentha m'ndowa, n'kukhuthula ponsepo, n'kudutsitsa chikolopa kawiri. Panawala bwino zedi. Nthunzi isanathe n'kukwera komwe anandiitana kuti galimoto ya masamba yafika, ndipo ndinatuluka ndili ndi maganizo oti ndibwera kudzapukuta. Ndinatseka chitseko n'kumapita. Tsoka silinunkha.

Kugwa kwa madala aja sindinakumve. Ndinangoona mnzathu wina wa ku Nepal akutuluka m'firijimo akukuwa. Titalowa tinapeza madala ali chagada, katoni ya nkhuku ili pamimba, mwendo wamanzere utapindikira kumene mwendo supindikira. Pansi ponse panali pataundana ngati galasi, moti nafenso tinkayenda chogwira khoma. Ndowa yanga inali pakona pomwe ndinaisiya. Milomo yawo inali itayamba kutuwa. Anayang'ana ndowayo, kenako anayang'ana ine. Ndinalakalaka atangonditukwana.

Kapitawo anafika maso ali psuu. "Who put water? Who?"

Ndinali ndi miyezi isanu yokha m'dzikomo, ndipo ndinkadziwa kuti wothira madziwo mawa lake sadzaonekanso pantchito. Ndivomere, ndinachita mantha, mantha a munthu wopanda pake.

"Me," anatero madala, mano akugundana. "Me, boss. Sorry." Kenako anatsitsa mawu, n'kulankhula Chichewa osandiyang'ana: "Zanga zatha kale, mphwanga. Khala chete. Tisapite awiri."

Ndinamvera. Pamoyo wanga wonse palibe lamulo limene ndinalimvera mwachangu chotere, ndipo ndimadzida nazo. Atatuluka m'chipatala anawakweza ndege ali pa njinga ya olumala. Tsiku limenelo ndinali pantchito, ndipo sindinapemphe n'komwe chilolezo chokawaperekeza. Ndinagwirabe pa hotelapo zaka zina zinayi, mpaka anandikweza kukhala woyang'anira zipinda zomwezo.

Nambala yawo ya foni ndili nayo mpaka lero. Sindinaiimbepo.