Kazenera ka pa Kachimbale

A Rafaelo a ku Bembeke anali ocheka matabwa m'Phiri la Dedza, munthu wolota dzuwa likuswa mtengo. Chuma chawo chonse chinali kachimbale konga bisiketi, kotsekeredwa m'pulasitiki. Wansembe wina wa ku Ulaya anajambuliramo mkazi wawo, a Magadalena, akuimba nyimbo ya Maria, chaka chimene anthu anavotera zipani zambiri. Wansembeyo anabwerera kwawo ndi makina ake, a Magadalena anatsikira kulichete, kachimbale n'kutsala.

Choimbira analibe. Nkhungu ikamayenda m'mapaini, ankakatulutsa m'thumba n'kukapendeketsa mpaka kataonetsa utawaleza, ndipo nyimboyo ankaimva ndithu. Anzawo ankawaseka kuti akwatira pulasitiki. Iwo ankangowasowa mkazi wawo.

M'mphepete mwa kachimbaleko munali kazenera kamene wansembe anakasiya kotsekula. A Rafaelo, podziwa kuzizira kwa ku Dedza, anakatseka ndi chikhadabo kuti mawu asazizidwe. Sankadziwa kuti kukatseka n'kulola kuti mujambulidwe zina.

Mkamwini wawo, a Timoteyo, anali kalaliki pa ofesi ina m'tauni, kumene ankasunga za m'kompyuta pa timbale totere atazisandutsa phokoso. Anabwereka kachimbaleko kuti akatsanulire nyimbo pa kaseti, koma anakasiya pa tebulo. Mnzawo, poona kazenera kotseka, anajambuliramo za m'kompyuta. A Timoteyo anakabweza ali chiweramire, n'kungoti makina afa. Mkamwini sauza apongozi zowawa.

Kenako kunamveka kuti a Habib, a golosale ya pamsewu, abwera nacho choimbira kuchokera ku Joni. A Rafaelo anavala jekete ya kutchalitchi, n'kupalasa njinga mtima ukuvina.

A Habib ataika kachimbale m'choimbira, chimene chinatuluka ndi phokoso longa kulira kwa nyenje, losalekeza. Misozi inalengeza m'maso mwa a Rafaelo. A Habib anati azimitse, koma a Rafaelo anawagwira dzanja, ndipo anamvetsera phokosolo mpaka linatha. Kenako wina anaseka chapansipansi. Anali a Magadalena, ataimba kale, akulankhula ndi wansembe.

"Bambo, tamaliza? Amuna anga akundidikira panja, nkhungu iwanyowetsa."

A Habib anatulutsa kachimbale, anayang'ana m'mphepete, n'kuwafotokozera za kazenera. A Rafaelo anakatsekula okha ndi chikhadabo chomwe chija, ndipo anapempha kuti awabwerezere mawu aja.